Timu ya M'foni, Mchenga M'tiyi

Pakhomo pa a Doris, kumunsi kwa Khwethemule komwe minda ya anthu imagundana ndi tiyi wa esiteti, panalibe chuma choti wodutsa n'kuimika njinga kuti aone. Koma panali pabwino. Nyumba inali ya malata, ngakhale malatawo analipiridwa pang'onopang'ono kwa a Uledi a golosale mpaka ena anayamba dzimbiri ngongole isanathe. Panali mbuzi zingapo, nkhuku, ndi munda wa tiyi umene a Doris anasiyiridwa ndi mayi awo. Amuna awo, a Fackson, anali mlonda ku esiteti, munthu wa mawu ochepa ndi tulo tambiri. Lamulungu banja lonse linkapita kutchalitchi, ndipo chakhumi sichinkadikira kuti abusa achite kukumbutsa.

Chuma chenicheni cha pakhomopo chinali dzina.

Alimi ang'onoang'ono a dera limenelo amagulitsa tiyi wawo ku fakitale kudzera m'kalabu. Aliyense amathyola m'munda mwake, n'kulonga m'matumba olembedwa nambala yake, n'kupita nawo kushedi. Kumeneko kalaliki amapisa dzanja mpaka pansi pa thumba kuti aone ngati muli masamba anthete okhaokha, awiri ndi nsonga, kenako amayeza pasikelo. Thirakitala imanyamula zonse pamodzi. Ku fakitale sadziwa kuti uyu ndi Doris, uyu ndi Sellah. Amadziwa kalabu basi. Thumba limodzi likaipa, ngolo yonse yaipa.

Koma matumba a Mayi Doris, kalaliki wa kalabuyo, a Goodson, anasiya kalekale kuwapisa. Ankangoti akaona nambala, "Awa ndi a mayi athu, kwezani pasikelo." Chiyambire utsikana wawo a Doris sanaponyepo tsamba lokhwima m'dengu, ndipo atsikana ambiri a m'mudzimo anaphunzira kuthyola ataima pambali pawo.

Kingsley anali chitsiriza wawo. Anamaliza Fomu 4 ndi mapointi oti sungalire nawo, komanso sungapite nawo kulikonse. Chaka chomwecho maondo a mayi ake anayamba kukana zitunda, choncho munda unagwera iye.

"Tamvera, mwana wanga," anatero a Doris. "Makilo amene ndinkapeza ine pamwezi ndikuwadziwa, ali m'mutu muno. Amenewo ndi a pakhomo pano. Opitirira pamenepo ndi ako. Uzisunga, chaka chamawa ukaphunzire zamagetsi ku Limbe."

Kingsley anavomera ndi mtima umodzi, ndipo miyezi yoyamba ankathyola ngati mayi ake. Ndiye amalume ake a ku Joni anamutumizira foni.

Foni imafuna moto, ndipo moto unali pamsika, m'kashopu ka Keith, mnyamata wometa anthu ndi kutchaja mafoni. Keith anali ndi lilime loti akhoza kukugulitsa nsapato zako zomwe, iwe n'kuthokoza. Tsiku lina Kingsley akudikira batire, Keith anamukodola.

"Aise, foni yonseyi ukungoimbira amalume? Bwera uone zinthu."

Pagalasi la foni panali anthu ovala ngati akupita kunkhondo, akutsetsereka pamadzi oundana, akulimbirana kanthu kakuda kophwathalala ndi ndodo zokhota. Kingsley anali asanaonepo madzi oundana oposa a mafirizesi a pamsika.

"Imeneyi ndi hoke," anatero Keith. "Koma iwe susewera ayi. Iwe ndiwe manejala, bwana wa timu. Ukuona pamwambapa? Uku ndi nyenyezi, mbiri ya timu yako. Uku ndi thumba, bajeti. Ukagula osewera odula, nyenyezi zimakwera, masapota amadzadza bwalo, koma thumba limauma. Ukagulitsa osewera n'kukweza mtengo wapageti, thumba limadzadza, nyenyezi zimagwa. Gemu ya anthu a mutu imeneyi, si ya ana."

Kingsley anaitcha timu yake Chiperoni Stars. Poyamba ankaiyendetsa bwino ndithu, poti anali mwana wa a Doris. Ankagula osewera otchipa n'kumawalera, osawononga pachabe. Koma anyamata a pamsika anali ndi ligi yawo, ndipo m'ligimo Kingsley ankagonja sabata ndi sabata. Anzake ankagula makoini a m'gemumo ndi ndalama zenizeni, n'kumagula nawo osewera amene iye sakanawafika.

"Chiperoni yanyowanso!" ankakuwa anyamata akangomuona akutulukira. "Manejala wosauka, osewera ake amadya bonya!"

Kingsley ankaseka nawo monyinyirika.

"Usadandaule za dola," anatero Keith tsiku lina, lezala ili m'manja. "Ndikuthirira makoini lero, udzandipatsa mwezi ukatha. Si uli ndi makilo ako opitirira?"

Ngongole imalowa m'nyumba itavula nsapato, siimveka. Kingsley anavomera.

Sipanatenge nthawi, munda unayamba kuulula. Tiyi wothyoledwa bwino amakhala wosalala pamwamba ngati tebulo. Wa Kingsley unali pena phiri, pena dzenje, chifukwa dzanja limodzi linkathyola, lina lili pafoni. M'mawa wina a Doris anadzikoka ndi ndodo mpaka m'mundamo.

"Iwe Kingsley, muno mwathyola munthu kapena mwadya mbuzi?"

"Ndikonza mawa, amayi."

"Mawa lake liti? Lomwe lija la sabata yatha? Tabwera nacho chinthucho ndione."

Anayang'anitsitsa pagalasipo, maso atatsinzinira.

"Anthu awa ndi abale ako?"

"Ndi timu yanga, amayi."

"Amadya?"

"Amalandira malipiro."

"Kwa ndani?"

"Kwa ine. Ndine manejala."

"Iwe amene sopo wochapira kabudula umapempha kwa ine, uli ndi antchito?" A Doris anabweza foniyo. "Mwana wanga, ndabereka ana, ndaika ena m'manda, sindinaonepo munthu akukhuta ndi chithunzi. Anthu akowa sadzabwera pamaliro ako. Amene adzabwere ndi aja umakumana nawo kushedi."

Madzulo ake a Fackson, akumanga zingwe za majombo kuti azipita ku ulonda, anafunsa osadzutsa mutu.

"Ukapambana kumeneko amakupatsa chiyani?"

"Chikho, ababa."

"Ukadzachitenga ubwere nacho, timwere thobwa."

Mwezi unatha. Makilo opitirira anali ochepa, ndipo ndalama yake sinakwane ngakhale theka la zimene Keith ankafuna. Kingsley anapita kushopu mutu uli pansi. Keith sanakalipe. Anthu otere sakalipa msanga.

"Vuto lako ndi limodzi, mani," anatero. "Gemu yomweyi yakuphunzitsa koma sukumva. Timu ikakhala ndi nyenyezi zambiri, thumba litauma gwa, umatani?"

"Umagulitsako mbiri pang'ono. Umakweza geti."

"Eya! Ndiye ukapambana magemu angapo, nyenyezi zija zimabwerera zokha. Tsono pakhomo panu pali nyenyezi zodzadza, zangokhala. A Goodson amapisa matumba anu?"

Keith anadziyankha yekha.

"Sapisa. Mudzi wonse ukudziwa. Masamba okhwima amalemera, aise. Uwaike pansi, anthete pamwamba. Mbiri yongosunga osaidyera ndi ya chiyani? Ndi ndalama imeneyo, amayi ako sadziwa chabe."

"Ndi kuba kumeneko."

"Ukubera ndani? Fakitale? Imeneyo ingamve kuwawa ndi timakilo tako? Mwezi umodzi wokha, ubweze zanga, basi wasiya."

Tsiku loyamba Kingsley anafika kushedi masamba okhwima ali pansi pa matumba. A Goodson anamwetulira.

"Maondo a mayi athu ali bwanji?"

"Akuyesera."

"Ukawapatse moni. Kwezani awa!"

Sikelo inakwera kuposa masiku onse, ndipo palibe amene anatembenuka. Pobwerera Kingsley anadabwa kuti dzuwa likuwala monga mwa masiku onse, mbalame zikulira chimodzimodzi. Tchimo loyamba ndi lokhalo limene limalemera. Enawo amanyamulika ndi dzanja limodzi.

Mwezi umodzi uja unabala unzake. Ngongole ya Keith ikatsika, Chiperoni Stars inkafuna wosewera wina, ngongole n'kukweranso. Kulemera kwa masamba okhwima kutasiya kukwanira, Kingsley anayamba kupatukira kumtsinje n'kuwaza madzi m'matumba. Tiyi wonyowa wopanikizidwa m'thumba amatentha, amafiira, koma zimenezo zinkachitika ali kale m'ngolo, pakati pa matumba a anthu ena. Timu inakwera pa ligi. Anyamata anasiya kumuseka, anayamba kumutcha "Bwana Mane." Kutchalitchi ankakhala benchi lakumbuyo, foni ili pakati pa mawondo.

Kenako fakitale inatumiza chenjezo ku kalabu: tiyi wanu watsika, mukubwera masamba okhwima ndi opsa. Patapita masabata, chenjezo lachiwiri. A Victoria, wapampando wa kalabu, anaitanitsa msonkhano, ndipo a Goodson anayamba kupisa matumba mpaka m'chigongono, anthu n'kumadandaula. Matumba a nyumba imodzi yokha ndiwo ankadutsabe osakhudzidwa.

A Doris anafika kunyumba kuchokera kumsonkhanoko atatopa ndi ukali.

"Muli mfiti m'kalabu mwathu," anatero akudzitsitsa pampando. "Munthu wodya ndi anzake masana, n'kumawalodza pasikelo. Akuti kachitatu abweza ngolo yonse. Kingsley, iwe umakhala kushedi tsiku ndi tsiku. Uzitsegula maso. Ukamuona undiuze, ndikamuyankhule ndekha."

"Chabwino, amayi."

"Ukudwala? Wayamba kuonda bwanji?"

"Ayi, ndi ntchito chabe."

A Doris anamuwonjezera ndiwo m'mbale.

Kingsley analumbira mumtima kuti wasiya. Anasiyadi, masiku angapo. Koma timu inali itafika fainolo, ndipo goloboyi wake anavulala. Wina wabwino analipo pamsika wa m'gemumo, wodula.

"Sindingathirenso," anatero Keith. "Ngongole yako yafika m'khosi. Pokhapokha undilonjeze kuti mwezi uno makilo akhala ambiri zedi."

"Akupisa kwambiri masiku ano."

"Akupisa ako?"

Madzi amadontha, amaonekera pansi pa thumba. Mchenga wonyowa sudontha, ndipo umalemera kuposa zonse. M'mawa wa tsiku la fainolo Kingsley anatsikira kumtsinje ndi mbale yakale, nathira mchenga pakati pa masamba m'thumba lililonse, n'kuphimba ndi nsonga zanthete zokongola. Chikomekome cha mkuyu. A Goodson anati, "Lero ndiye mwagwira ntchito," thirakitala n'kunyamuka.

Masana kushopu kwa Keith kunadzadza anyamata. Chiperoni Stars inapambana. Pagalasi panathetheka moto wamitundumitundu, chikho chagolide chikuzungulira, anyamata akumumenya Kingsley pamsana. Phokosolo lisanathe, kunamveka kulira kwa thirakitala mumsewu. Inkachokera ku fakitale, koma inkalira molemedwa, ndipo ngolo yake inali yodzadza.

"Tiyi wabwerera!" anakuwa mayi wina wogulitsa tomato. "Tiyi wa kalabu wabwerera!"

Kingsley anafika kushedi anthu atasonkhana kale. Dalaivala ankafotokoza kuti ku fakitale atakhuthula matumba oyambirira pamodzi anapeza mchenga, chinthu choti chikanalowa m'makina chikanaswa mipeni. Sanafunenso kumva zambiri. Analongedza zomwe anakhuthulazo, n'kubweza zonse. Tiyi wa tsiku lonse, wa nyumba zonse, anali atayamba kale kufiira ndi kununkha. Amayi ena ankalira. Ena anangogwira m'chiuno, misozi itawathera kale ndi mavuto ena.

"Titsegule matumba otsalawa limodzi limodzi," anatero a Victoria. "Lero timudziwa."

Pomwepo anthu anapatuka. A Doris ankabwera ndi ndodo yawo, phazi limodzi, kupuma, phazi lina. Anaima patsogolo pa ngolo.

"Inde atsegulidwe," anatero. "Ndipo kuti wina asadzati tinakondera, yambani ndi anga."

"Aaa, mayi, anu ayi," anatero a Goodson. "Tisataye nthawi."

"Ndati yambani ndi anga. Kingsley, tsitsa thumba lathu."

Kingsley sanasunthe.

"Wagontha? Tsitsa!"

Anatsitsa dalaivala. A Doris anamasula okha chingwe, nagwira kumatako kwa thumba, n'kukhuthulira pasimenti. Poyamba panagwa masamba anthete, obiriwira bwino. Kenako okhwima, ofiira. Kenako mchenga unagwa ndi kaphokoso kake, fwaa, n'kuunjikana pamapazi awo.

Anthu anasendera pafupi kuti aone.

A Doris anawerama movutika, natapa mchengawo m'dzanja, nauyang'ana nthawi yaitali. Sanafunse kuti wachita ndani. Anatembenuka n'kuyang'ana mwana wawo, ndipo Kingsley akanakonda akanamumenya ndi ndodo ija.

"Tsegulani enawo," anatero ndi mawu otsika.

Matumba onse a nambala yawo anali chimodzimodzi. A anthu ena onse anali oyera.

Ndiye pakamwa pa anthu panatseguka. "Ife kumatipisa mpaka m'khwapa, kusiya akuba!" "Mwana wanga wabwezedwa kusukulu, ndimadalira tiyi wa lero!" "Akuluakulu a mpingo amenewa!" A Goodson anavula chipewa n'kukhala pansi pafupi ndi sikelo, ngati munthu amene wauzidwa za maliro.

Chigamulo sichinachedwe. Nambala ya a Doris inachotsedwa m'kalabu. Banja lawo linauzidwa kulipira tiyi yense wa tsikulo, nyumba ndi nyumba. A Goodson anachotsedwa ntchito chifukwa chodutsitsa matumba osapisa. Ena ankafuna kuti nkhani ipite kupolisi, koma a Victoria anati, "Tayang'anani mayiwo. Kundende kungawonjezere chiyani?"

Mbuzi zinapita zonse sabata yomweyo. Zitaperewera, mizere ya kumtunda ya munda, yomwe inabzalidwa ndi agogo ake a Kingsley, inapinyolitsidwa kwa a Uledi. A Fackson anatenga ngongole kuntchito, yoti azidulidwa mpaka chaka chamawa. Sanamukalipire mwana wawo. Anangosiya kumufunsa chilichonse.

Kingsley anapita kwa Keith, mwina pofuna munthu woti amumvere chisoni. Keith anatambasula dzanja.

"Foni."

"Aise, ukudziwa zomwe zandigwera."

"Ine ndinati mchenga? Unandimva ndikutchula mchenga? Bizinesi ndi bizinesi, mani. Bweretsa."

Mawa lake Chiperoni Stars inali ndi manejala wina, mwana wa a kabaza amene anaigula ndi chikho chake chomwe. Osewera aja anapitiriza kutsetsereka pamadzi awo oundana, osadziwa n'komwe kuti bwana wasintha.

Kingsley anapeza mayi ake pakhonde akusankha nyemba. Anagwada.

"Amayi, ndalakwa. Ndikhululukireni."

A Doris anapitiriza kusankha kwa kanthawi.

"Dzuka. Maondo ndi osunga, ndifunse ine." Anataya kamwala kunja. "Kukhululuka ndakhululuka, poti Mulungu amatero ndipo ndiwe wanga. Koma kukhululuka sikubweza mbuzi. Sikubweza munda wa amayi anga."

"Ndigwira ntchito, ndibweza zonse. Nambala nayonso adzatibwezera, eti? Tikakhala bwino miyezi ingapo, anthu adzaiwala."

"Zoona? Pita kwa a Goodson ukawauze zimenezo. Uwapeza akulima ganyu m'munda mwa eni, munthu wa imvi, chifukwa anakhulupirira ine. Mbuzi ndi munda zili ndi mtengo, tidzavutika koma tidzalipira. Nanga a Goodson ndiwalipira zingati? Tandiuza, a manejala."

Kingsley analira, ndipo kulira kwake kunali koona. Anabwerera kubenchi lakutsogolo kutchalitchi, anakaima pamaso pa mpingo n'kuulula. Anapita kwa a Goodson, amene anamumvera mpaka kumaliza, n'kunena kuti, "Ndamva," osamupatsa pokhala. Za ku Limbe sizinatchulidwenso.

Koma tiyi sadikira milandu, amaphuka basi, ndipo wopanda nambala alibe kogulitsa. Amene anawachitira chifundo ndi Sellah, mtsikana wa kutsidya amene a Doris anamuphunzitsa kuthyola akadali wamfupi kuposa dengu. Anavomera kuti tiyi wawo azilowa pa nambala yake, iye n'kumatengapo kangachepe. Palibe akanamudzudzula, chifukwa nayenso ankaika dzina lake pamoto.

Mpaka lero Kingsley amathyola m'mizere yotsalayo, masamba awiri ndi nsonga, mosamala kuposa wina aliyense m'deralo. Akamaliza sapita kushedi. Amasenza katunduyo kudzera kanjira ka kuseri, m'mabulugamu, mpaka pabwalo pa Sellah. Kumeneko amakhuthula zonse pamphasa, Sellah n'kuzitembenuza yekha ndi manja ake asanalonge m'matumba ake. A Doris amakhala pakhonde n'kumamva thirakitala ikudutsa ndi tiyi wa m'munda mwawo, wolembedwa dzina la munthu wina. Zaka zikupita, maondo akuipiraipira, ndipo sanapondenso kushedi.

Ana inu, imvani zimenezi. Masewero si tchimo, koma masewero akayamba kukulamulani, adzakutumani kukaba, ndipo mudzayambira m'nyumba mwanu momwe, chifukwa ndi mokhamo mosakhoma. Dzina labwino limene mwalipeza pakhomo si lanu loti mugulitse. Analipeza ena ndi thukuta la moyo wonse, ndipo anansi amadyera pomwepo. Mukaliwononga, Mulungu akhoza kukukhululukirani tsiku lomwelo, makolo anunso chimodzimodzi, koma amene adzasenze manyaziwo mpaka kumanda ndi iwo amene sanalakwe.